Yolusa Imalowa Pomaliza

Mackson sankakhulupirira madzi asanawalawe. Akapatsidwa osamba, ankaviika chala n'kunyambita. Apamjigo, amvula otsika padenga, onse ankayamba afika palilime. Chizolowezichi anachitola ku Durban, kumene anakhala zaka zambiri akutsuka mathanki m'sitolo yogulitsa nsomba zokongoletsa nyumba.

Anzake pochoka ku Joni ankabwera ndi malata kapena njinga yamoto. Iye anabwera ndi magalasi, pampu, batire ndi matumba a mchere wosathira m'ndiwo. Mkazi wake Millie anamulandira. Anamudikira nthawi yonseyo pamalo a mayi ake kuseri kwa Chitakale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kondie, anamuika m'manda bambo ake ali kutali. Tsopano munthu anali atabwera, ndipo kwa Millie zinali zokwanira.

Thanki limene anamanga ndi magalasiwo linaima pabalaza milungu ingapo muli madzi amchere ndi miyala basi. Azimayi oyandikana nawo ankasuzumira pawindo.

"Mayi ake Kondie, kodi amuna anu akuweta miyala?"

"Eee. Ikaswa tikugawirani," ankatero Millie.

Mackson ankamufotokozera mofatsa, tsiku ndi tsiku. "Madzi atsopano amapha, ayambe akhwima. Ndipo nsomba sitingokhuthula ngati matemba mumphika. Zofatsa zimalowa poyamba, zipeze mapanga awo. Yolusa imalowa pomaliza. Ikapeza malo onse ali ndi eni ake, imakhala ndi ulemu."

Zoyambazo zinabwera m'majumbo ndi dalaivala wa thiraki wochokera ku Kelimane, kudzera pa Muloza. Zinali ziwiri, zazing'ono ngati chala, zofiirira ngati lalanje, zamizere yoyera. Sizinkasiyana. Millie anazikonda osafuna. Magetsi atazima tsiku lina batire n'kutha, anaima masana onse akutunga madzi ndi kapu n'kumatsanuliramo kuti zipume, mpaka mkono unachita dzanzi.

Kenako inabwera yabuluu, yowala ngati nsalu yatsopano. Mackson anayandamitsa jumbo lake pamadzi, nayamba kulankhula atafulatira.

"Ku Durban kuli mayi wina, kwawo ndi ku Thyolo. Ali ndi mwana wanga wamwamuna. Zinthu zavuta kumeneko. Abwera mwezi wamawa."

"Abwera kuti?"

"Chipinda cha Kondie chikungokhala. Inu ndinu woyamba, mayi, munakhazikika kale. Iye adzapeza nyumba ili ndi mwini wake."

Millie anayang'ana nkhongo ya mwamuna wake.

"Ndiye sukulu yonse ija ya nsomba, wophunzira wake ndinali ine?"

Mackson anaviika chala m'madzi, nalawa. Kenako anamasula jumbo lija.

Ulemu yabuluuyo inalibe. Dzuwa lisanalowe inali italanda phanga lalikulu. Inasankha imodzi mwa ziwiri zija n'kumaithamangitsa kuchokera kukona kufika kukona. Mackson anasintha kaikidwe ka miyala, anazimitsa getsi lapathanki, nati zizolowerana. Yothamangitsidwayo inabisala kuseri kwa pampu, zipsepse zitang'ambika, n'kusiya kudya. Millie ankaiponyera chakudya pafupi ndi kamwa, koma chinkangomira.

M'mawa wina, Mackson atapita kumsika, Millie anaipeza itakakamira papampu, mimba ili m'mwamba. Anaichotsa ndi sefa ya tiyi n'kukaiponya kudzala. Nkhuku inatola. Atabwerera anaona inzake ija ikuzungulirabe pakhomo pa phanga lawo lakale, osalowa, osachoka.

Analowa m'chipinda cha Kondie. Yunifolomu inali pamsomali pomwe paja, nsapato zasukulu pansi pa bedi, imodzi chingwe chosamasula. Anakhala pabedipo mpaka mthunzi wa mpeyala unachoka pawindo. Sanalire. Kulira anamaliza kale, ali yekha, nthawi imene kunalibe womugwira phewa.

Anatsitsa chikwama chachikulu chija chinabwera kuchokera ku Joni, nachipukuta fumbi. Malaya anayamba wawasita, chifukwa sanafune kuti anthu anene kuti munthu anachoka kwa Millie ali mankwinya. Anapinda mathalauzi, jekete, anaika pasipoti m'thumba lam'mbali.

Mackson anamupeza akukanikiza zovala ndi bondo.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Ine? Mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa nyumba ino. Mwana wanga wagona uko pamanda a kwathu. Mkamwini pano ndinu, bambo ake Kondie."

"Tiyeni tiitane ankhoswe."

"Aitaneni, adzakuthandizani kunyamula."

Mwamunayo anayang'ana thanki, ngati yankho lili m'menemo.

"Yabuluuyo muitenge, jumbo ndatsuka kale," anatero Millie. "Yotsalayo musiye. Kasakanizidwe ka mchere ndakadziwa."

Anakoka zipi mpaka kumapeto, nakokera chikwamacho pakhomo.