Mpata wa Zala Ziwiri

Injini yatsopano inadzaza m'boneti monse. Achimwene ndi amene anaiika m'galimoto ya bambo, yakale itafa. Inali yaikulu, moti kompulesa ya eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto, inasowa pokhala.

"Isiye, Kawaya," anatero achimwene. Amanditchula choncho chifukwa chowonda. "Mawindo anawapangira chiyani?"

Chiwagwireni sitiroko bambo, adokotala anawaletsa kuyenda ulendo wautali potentha. Achemwali anali atabereka kutali, mwana wobadwa masiku asanakwane, wosati n'kuyenda naye. Bambo anali asanamuonebe mdzukulu wawoyo. Popanda eyakoni, ulendo panalibe.

Bambo ankakhala pampando wapulasitiki pakhomo pa galaja, dzanja lakumanja lili lende pamwendo. Umakaniko anatiphunzitsa ndi iwo, koma tsopano mawu sankatuluka, ankangong'ung'udza.

Ndinadula chitsulo, n'kuchiboola, kuti kompulesa ikhale mmunsi pafupi ndi thayala. Mkono wanga wokha ndi umene unkalowako. Ndinasupuka zigongono, sipanala inkangondipulumuka n'kugwera pansi.

"Ukakanirira m'menemo tikusiya momwemo," anatero achimwene, akuseka. "Ukakhala sipeya."

Kunatsala payipi ya rabala, yodutsa pafupi ndi ekizozi. Lamulo la bambo tonse timalidziwa kuyambira tili ana: payipi italikirane ndi chitsulo chotentha zala ziwiri. Ndinalowetsa zala zanga ziwiri, zinakwana bwinobwino. Ndinawaonetsa bambo zalazo m'mwamba.

Anapukusa mutu, n'kung'ung'udza mwamphamvu.

"Mwatopa, bambo?" anafunsa achimwene. "Mayi, dzawatengeni, dzuwa lawapeza."

Mayi anawalowetsa m'nyumba akung'ung'udzabe, akutembenukira kugalimoto.

Tinathira gasi, mphepo yozizira n'kutuluka. Mayi anasita shati ya bambo yoyera, n'kulongedza timalaya ta mwana m'jumbo.

Mmawa mwake tinanyamuka. Bambo anakhala kutsogolo, nkhope ataiyandikiza potulukira mphepo. Ine kumbuyo ndinkangowayang'ana m'khosi, pamene mayi anawameta mosalinganiza.

Dzuwa litakwera tinafika pachitunda chachitali. Achimwene anaponda mafuta, injini n'kugwedezeka. Tinamva kuti fwiii, utsi woyera n'kutuluka m'mbali mwa boneti.

Tinaima. Payipi inali itakhudza ekizozi, n'kusungunuka.

"Sunayeze iwe?" anandifunsa achimwene.

"Ndinayeza. Zala ziwiri."

Achimwene anayang'ana zala zanga. Kenako anayang'ana dzanja la bambo lamanzere, lomwe linali pawindo, zala zonenepa ngati mabawuti. Ziwiri za bambo zinali zitatu zanga.

M'galimoto munayamba kutentha. Thukuta linanyowetsa kolala ya shati yoyera ija, bambo akupuma ndi pakamwa.

"Tibwerere," anatero mayi.

Bambo analoza kutsogolo. Analozanso.

"Ayi, bambo ake ana. Mukufuna ndikafike kwa mwana ndi maliro?"

Achimwene anakhotetsa galimoto. Payipi ina ndikanaipeza, koma nonse tinaona mmene bambo anafookera pakamtunda kameneko, ndipo mayi ananeneratu kuti ulendo wina sadzalolanso.

Foni ya mayi inalira. Anali achemwali.

"Mwafika pati? Ndamusambitsa kale, akudikira agogo ake."

"Nayu Kawaya," anatero mayi, n'kundipatsira foni kuti ndiyankhe ine. Ndinaigwira kukhutu, ndikumva kamwanako kakulira chapatali, maso ali pa zala zanga.

"Halo? Kawaya? Ukundimva?"