Kumbuyo Kunalibe Munthu

"Ndiye mukuti simunawaone?" anafunsanso mlamu wake, kachitatu tsopano, manja ali m'chiuno pakati pa khonde la chipatala. "Munthu wamkulu wathunthu, wovala juzi yofiira, inu osamuona?"

"Ndanena kale, alamu," anayankha Make mapasa. "Ndinayang'ana magalasi onse awiri, ndinayang'ananso pa kamera. Kumbuyo kunalibe munthu."

"Kunalibe munthu! Ndiye amene akuikidwa chikhakha mkatimu ndi mzukwa?"

Anthu amene anakhala pabenchi kudikira dokotala anatembenuka onse. Make mapasa anayang'ana mwamuna wake, kuti mwina aikepo mawu. Bamboyo anali atatsamira khoma, maso ali pa nsapato zake.

Zinachitika mmawa womwewo. Make mapasa anali telala, ndipo tsikulo ankakapereka mayunifomu kusukulu ina. Analowa m'galimoto, n'kuika livesi. Kasikirini ka pafupi ndi chiwongolero kanayaka monga mwa masiku onse, kakuonetsa bwalo, chingwe choyanikapo zovala ndi geti lotsegula. Anachotsa phazi pabuleki. Galimoto lisanayende n'komwe kutalika kwa mphasa, anamva kugunda, kenako kukuwa. Apongozi ake, amene anabwera kudzakhala nawo chaka chathachi, anali atawerama kumbuyo kwa galimotolo kutola mapegi amene anagwa pachingwe. Mwendo wawo wamanzere unathyoka pawiri.

Sabata yotsatirayo inali yowawa. Make mapasa anatseka shopu yake. Ankalawirira kuchipatala kukawasambitsa apongoziwo, kuwatembenuza, kuwadyetsa, n'kubwerera ndi chikwama cha zovala zoti achape. Mayiwo sankamunyoza, koma sankamuyang'ananso kumaso. Kunyozako inali ntchito ya mlamu wake, mchemwali wawo wamkulu wa bambo a mapasa, amene ankafika nthawi yoona odwala atadzola bwino, n'kumafotokozera aliyense wobwera nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

"Enafe tinkanena kuti mashini osokera ndi galimoto n'zosiyana," ankatero. "Uko ukalakwitsa umasula ulusi. Kuno umasula mwendo wa munthu."

Nkhani inafika mpaka pamzere wa mashopu. Wometa wa pafupi ndi shopu yake atamuona akudutsa anadumphira pakhonde mwanthabwala, n'kufuula kuti, "Thawani, a Livesi akubwera!" Anyamata amene ankadikira kumetedwa anaseka chikhakhali. Ngakhale mapasa ake anabwera kusukulu akufunsa ngati n'zoona kuti amayi awo adzamangidwa.

Chimene chinamupweteka koposa chinachitika patebulo, tsiku lachisanu chichitikire ngoziyo. Mwamuna wake, amene kuntchito ankapita pa galimoto la kampani, anatambasula dzanja.

"Tandipatsa makiyi. Uyambe wapuma kaye kuyendetsa, mitima ya anthu izizire."

"Inunso mukukhulupirira kuti ndikunama?"

"Sindinanene zimenezo. Madzi akatayika saoleka. Tingozisiya."

Anawapereka makiyiwo. Koma mmawa wake, bamboyo atangotuluka, Make mapasa anatsegula kabati ya mbale, n'kutenga makiyi ena amene ankakhala m'kapu yothyoka chogwirira. Anazungulira galimoto kawiri, anasuzumira ndi pansi pomwe, n'kulitulutsa pageti. Analunjika kugalaja ya kampani imene anagulako galimotolo.

Pakauntala panali mayi wovala magalasi. Anamvetsera pang'ono, n'kufunsa nambala ya galimoto, n'kuilemba pakompyuta. Nkhope yake inasintha.

"Mwabwera chifukwa cha kalata ija?"

"Kalata iti?"

"Magalimoto a mtundu umenewu tinawaitanitsa onse. Kamera yake yakumbuyo ili ndi vuto. Timakonza mwaulere, ndi ntchito ya ola limodzi." Anayandikiza nkhope pakompyuta. "Lanuli tinalilembera makalata atatu. Yoyamba inapita miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Tinaimbanso foni. Palembedwa kuti mwini wake anayankha, anati abwera akapeza mpata."

Make mapasa anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

Makaniko wamkulu, bambo waimvi wa ovolosi yothimbirira, anamutengera kuseri kumene anaimika galimoto. Anamuuza kuti akhale pampando, aponde buleki, aike livesi. Ulendo woyamba kamera inagwira bwinobwino. Wachiwirinso chimodzimodzi. Ulendo wachinayi kasikirini kanaonetsa khoma la galaja ndi mulu wa matayala.

"Musachotse phazi pabuleki," anatero makanikoyo. Anapita kukaima kumbuyo kwenikweni kwa galimoto, n'kumenya buti ndi chikhatho. "Mukundiona?"

Pakasikirini panali khoma ndi matayala basi.

"Ndikuvina kuno, mayi! Mukundiona?"

Make mapasa anazimitsa injini, n'kutsamiritsa chipumi pachiwongolero. Kwa masiku asanu ndi limodzi anali atayamba kudzikayikira yekha, kumaganiza kuti mwina sanayang'anedi, mwina maganizo anali pa mayunifomu. Tsopano misozi inatuluka, koma sinali ya chisoni.

"Imagwira chithunzi choyamba n'kuuma nacho," anafotokoza makanikoyo atabwera pawindo. "Bola ikanamangozima, munthu ukanadziwa kuti wachita khungu. Koma iyi imakunamiza ukuona."

"Ndiye inu mumagulitsa chinthu chonama, kenako n'kumangolemba makalata?" anakalipa Make mapasa. "Munthu ali m'chipatala! Mukanabwera kudzalitenga pakhomo!"

"Apo sindikutsutsani. Amene anapanga analakwa, ndipo dandaulo lanu mukalilembe pakauntala paja, musalisiye. Koma ife tinatsina khutu katatu, mayi. Zengerezu analinda kwawukwawu."

Analemba dandaulolo, masamba awiri odzaza, cholembera chikuboola pepala. Pamzere wa nambala ya foni anauza mayi wa magalasi uja kuti afufute imene inalipo, ya mwamuna wake, aikepo yake. Galimoto analisiya komweko, n'kukwera basi.

Kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Analowa kuchipinda, n'kukoka dirowa ya mwamuna wake, imene chikwatiwire sanaitsegulepo. Munali mabatire akutha, mawaya a foni, zithunzi za ukwati wa munthu wina, ndi makhadi akale a kuntchito. Pansi pa zonsezo panali maenvelopu atatu a chizindikiro cha kampani ija. Awiri anali osatsegula. Yoyamba inali yong'ambidwa bwinobwino m'mbali, ndipo kuseri kwake bamboyo anali atalembako zigoli za mpira.

Anafika kuchipatala nthawi yoona odwala itayamba kale. M'wodi munali modzaza. Mlamu wake anakhala kumiyendo kwa bedi, akusenda lalanje, akufotokozera amayi awiri a kutchalitchi mmene ngozi inachitikira, ngati kuti analipo. Mwamuna wake anaima cha kumutu, atabwera molunjika kuchokera kuntchito.

"Afika eni ake a luso," anatero mlamuyo. "Lero mwachedwatu. Kapena mumabwera chobwerera m'mbuyo?"

Make mapasa sanamuyang'ane. Anapereka moni kwa alendowo, anagwada pang'ono kupereka moni kwa apongozi ake, kenako anaika maenvelopu atatu aja pabulangeti.

"Bambo a mapasa, tawawerengereni amayi kalata iyi. Magalasi awo anatsala kunyumba."

Bamboyo atangoona chizindikiro cha paenvelopu, anasendera pafupi ndi mkazi wake.

"Izi tikakambirana kunyumba," ananong'ona.

"Kunyumba ayi. Ine ananditukwanira muno, pamaso pa anthu. Werengani muno."

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa apongozi. Anali mayi wa mawu ochepa, amene anagwira ntchito yogulitsa matikiti pa depoti ya mabasi zaka makumi atatu, ndipo sankakonda kufunsa chinthu kawiri. "Werenga, iwe."

Anawerenga. Mawu ankatuluka ngati akukokedwa ndi chingwe. Kalatayo inkati kamera yakumbuyo ikhoza kuonetsa chithunzi chakale pamene galimoto likubwerera m'mbuyo, ndipo woyendetsa akhoza kugunda munthu osamuona. Inkapempha mwini galimoto kuti alibweretse msanga. Amayi a kutchalitchi aja anayang'anana. Mpeni wa mlamu unaima pakati pa lalanje.

"Inalembedwa liti?" anafunsa apongozi.

Bamboyo anatchula mwezi wake.

"Unaiwerenga nthawi imeneyo?"

"Ndinaiwerenga, amayi. Koma kamerayo inkagwira bwinobwino. Ndinkati ndikapeza Loweruka labwino... Mukudziwa mmene ntchito yathu ilili. Makampaniwa amalemba makalata ambirimbiri, ena amangofuna kuti upiteko akakugulitse zina."

"Mkazi wako unamuuza?"

Bamboyo anapinda kalatayo, n'kuibwezera mu envelopu.

"Kuiwala sindikukuimbani nako mlandu waukulu," anatero Make mapasa. "Munthu amaiwala. Inenso phazi linali langa pabuleki, ndipo mwendo wa amayiwu ndidzaukumbukira mpaka kufa. Koma tsiku lija pakhonde paja, ine ndikulumbira kuti pakamera panalibe munthu, inu munkadziwa. Alamu akunditcha wabodza, inu munkadziwa. Ana anu akufunsa ngati ndimangidwe, munkadziwa. Kenako n'kundilanda makiyi, ngati woopsa pakhomopo ndine!"

"Ndinkachita mantha," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Ndikanayamba bwanji kuwauza amayi?"

"Ndiye munaona kuti bola ndisenze ine?"

Wodwala wa pabedi loyandikana, amene ankamvetsera zonse osabisa, anapukusa mutu. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero, akuyang'ana kudenga.

Mlamu uja anayesa kukonza zinthu. "Komabe, alamu, munthu poyendetsa sudalira kamera yokha. Akanakhala wina akanatsika n'kuona..."

"Iwe, khala chete," anadula apongozi. "Sabata yonse wakhala ukulira pano ngati wailesi. Thewera langa unasinthako kangati?"

Mlamuyo anaika lalanje pambale, n'kunena kuti akukatunga madzi akumwa. Botolo analisiya pomwepo, lodzaza.

Apongozi anatembenuza mutu papilo. Kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi ija, anamuyang'ana mpongozi wawo m'maso. Sanapepese, ndipo Make mapasa sanayembekezere kuti apepesa. Anangosuntha dzanja lawo pabulangeti mpaka linakhudza lake.

"Wadya chiyani lero?" anafunsa.

"Sindinadye, amayi."

"Pita ukadye. Ukagone."

Belu lotulutsa alendo linalira. Make mapasa anawerama, n'kukoka pansi pa bedi chikwama cha zovala zakuda za tsikulo, mikanjo iwiri, matawulo ndi nsalu zoyala. Anachinyamula n'kuchiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Sopo ali pawindo la kubafa. Zoyera muzichapa pazokha. Mmawa muzifika muno isanakwane sikisi, madzi otentha amatha msanga. Kusambitsa ndidzawapempha alamu, poti ndi mwana wawo wamkazi. Zina zonsezo ndi zanu."

"Nanga kuntchito?"

"Mukapemphe tchuthi. Ine mawa ndikutsegula shopu, ana a eni akudikira mayunifomu."

"Mwana wanga," anaitana apongozi, nkhawa ikumveka m'mawu, "uyutu sadziwa n'komwe kukweza bedi ili."

"Aphunzira, amayi. Ine ndizibwera madzulo kudzacheza nanu."

Anatuluka m'wodimo osathamanga. Pakhonde anamva mapazi a mwamuna wake akumutsatira, chikwama chikumenya mwendo, akumuitana ndi dzina limene ankamuitana nalo asanabereke ana. Make mapasa sanatembenuke. Atafika pageti foni yake inalira. Anali mayi wa kugalaja uja, kumuuza kuti galimoto latha kukonzedwa, ndipo ankafunsa ngati adzalitenge ndi bambo.

"Ayi," anayankha. "Ndibwera ndekha."