Elekitironi Yachinayi ya Oriane

Pulofesa Lachance analamula kuti Lachisanu firiji izimitsidwe, kadontho ka Oriane kachoke, kalowe kanga. Kadontho ndi kamsampha kakang'onong'ono ka maelekitironi, kamene timakayesa m'firiji yozizira koopsa, kamodzi pa nthawi. Ine zinandinyansa. M'labu mwathu ndani sadziwa kuti kadontho kakangofunda sikabwereranso mwakale? Ndipo digiri ya Oriane inali m'kadontho komweko.

Mlandu wake unali elekitironi yachinayi. Maelekitironi timawalowetsa m'kadontho imodziimodzi. Iliyonse ili ndi kamaginito kake, ndipo amakonda kukhala awiriawiri, ina kuloza kumwamba inzake pansi, maginito n'kuthera pomwepo. Koma kwa Oriane yachitatu ndi yachinayi zinakana ukwatiwo. Poti maelekitironi amakankhana, ziwirizi zinagona zipinda zosiyana zitaloza kumodzi, maginito osatha. Pulofesa ankati kadonthoko n'kokhota, zoterozo sizingachitikemo, zimene Oriane akuona ndi litsiro chabe. Munthu uja akanena wanena, ngakhale mutamubweretsera umboni pambale.

Lachisanu Pulofesa analowa chipale chofewa chili mbuu m'majombo, n'kupeza Oriane ataima kutsogolo kwa firiji, manja ali m'chiuno.

"Oriane, tapatuka apo."

"Sindisuntha, aPulofesa. Mundipatse sabata imodzi, muone nokha."

"Sabata ya ndani? Firijiyi ndi ya bambo ako? Ino ndi nthawi ya Tobias. Tobias, bwera nako kako!"

Kanga kanali m'kabokosi patebulo, thukuta langa la chilimwe chonse. Padzanja ndinali nditamanga lamba wa waya amene timavala pogwira timadontho, chifukwa mu Januwale kuno ku Quebec mpweya umauma gwa, moti kamoto kochokera m'chala kamapha kadontho nthawi yomweyo.

Ndinamasula lambayo. Ndinatikita dzanja pajuzi langa laubweya, pang'onopang'ono, onse akuona. Kenako ndinatsegula kabokosi n'kugunda kadonthoko ndi chala. Thetheya inangoti pha!

Mtima unandipweteka, ndisaname.

"Kafa, aPulofesa," ndinatero. "Palibenso kadontho koti kalowe m'firijimu."

"Wapenga iwe?" Nkhope yawo inafiira psuu. "Ukudziwa kuti uyambiranso pachiyambi?"

"Ndikudziwa."

Oriane anandiyang'ana misozi ili lengelenge, koma sanathokoze, ndipo anachita bwino. Anakoka mipando iwiri pafupi ndi kompyuta, n'kutulutsa maelekitironi onse m'kadontho kake.

"Khalani pansi, aPulofesa," anatero. "Alowetseni nokha. Mukafika pa yachinayi, mundiuze ngati litsiro limadziwa kuwerenga."