Diresi la pa Hotela

Esime anali mtsikana wodzaza thupi, ndipo kwawo ku Nkhudzi palibe amene anamuuzapo kuti limenelo ndi vuto. Amayi a ku tchalitchi ankamufinya mkono Lamulungu n'kumati mwana uyu ndiye akudya bwino. Iye ankangoseka, mtima uli kwina. Sukulu inali itamuthera pa Fomu 2, ndipo tsopano ankaswera pa uvuni wa mayi ake, kutembenuza nsomba pa waya, utsi uli tho m'maso, tsitsi ndi zovala zikununkha mcheni wowamba. Basi ya ku Mangochi ikamadutsa pamsewu ankaiperekeza ndi maso mpaka fumbi litatha.

Amene anamutsegulira khomo anali Howard, mnyamata wa m'kwaya ya pa tchalitchi chawo, yemwe ankaperekera zakudya pa imodzi mwa mahotela a kufupi ndi Nkopola. Howard ankabwera kumudzi pa njinga kamodzi pa masabata awiri, akununkhira sopo amene m'golosale sankapezeka. Ankamulembera Esime makalata a Chingerezi ngakhale kuti makomo awo anali oyang'anana. Tsiku lina anamuuza kuti mtsikana wina wa pa hotelapo akusiya ntchito kumapeto kwa Juni, akukakwatiwa ku Zomba.

Esime anadziona kale atanyamula thireyi pakati pa matebulo a nsalu zoyera, Howard akumutsinzinira diso ali kutsidya kwa chipinda. Anaona kanyumba ka malata kuseri kwa hotela, makatani a maluwa amene akanasoka yekha. Sanathe kudikira. Lolemba lotsatira anakwera basi.

Bwana wa hotela anamufunsa mafunso angapo m'Chingerezi, anagwedeza mutu, n'kumutumiza kwa mayi Simioni, amene ankayang'anira atsikana onse ogwira ntchito pamenepo. Mayiwo anatulutsa diresi lobiriwira la kolala yoyera m'kabati.

"Tavala tione."

Diresilo linalowa movutikira. Zipi anakana pakati pa msana.

"Tembenuka. Ayi ndithu. Mawondo onse ali pamtunda."

"Mwina ndi lalifupi, mayi."

"Lalifupi? Mnzako akuchokayo limamufika m'katumba. Ndiwe ukulinyamula. Lakodwa m'chiunomu, ndiye likukwera. Lamulo ukulidziwa, diresi liphimbe mawondo. Ukufuna apolisi adzatitengere tonse ku boma chifukwa cha miyendo yako?"

"Telala sangawonjezere kansalu?"

"Ichi si chitenje cha amako. Amasoka ku Blantyre kamodzi pachaka, ndipo chaka chino anasoka kale." Mayi Simioni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osati mwankhanza. "Chizungu chako bwana wachikonda. Pali masabata asanu ndi limodzi. Ubwere pa wani Julaye. Likakukwana, ntchito ndi yako."

Howard anamuperekeza kumsewu.

"Usauze munthu, wamva? Ngakhale amayi. Kwathu kuja ukangonena kuti ntchito yaoneka, mawa upeza mwana wa wina wafika kale pano. Kapena udzuka mwendo utatupa."

"Ndi amayi omwe?"

"Amayi ako akadziwa, Lachinayi tchalitchi chonse chadziwa."

Masiku atatu oyamba Esime anangosiya kudya. Tsiku lachinayi akuwerama pa uvuni anaona mdima, n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Amene anamudzutsa anali Mwanamvua, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana nawo, yemwe ankayanika usipa pa thandala lake chapafupi. Anamukokera pamthunzi, anamumwetsa madzi, ndipo sanamusiye mpaka Esime ataulula zonse.

Mwanamvua anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Anthu akulira kuti anenepe, iwe ukulira kuti uwonde. Sukuluyi ankakuphunzitsani zimenezi? Howard wakoyo akufuna kukwatira bango?"

"Achemwali, musaseke. Ndikapanda kupita kumeneko ndifera pa uvuni pano."

"Ndiye ufe bwinobwino, osati chonchi. Ife timasala mwezi wathunthu chaka chilichonse, timadziwa zimene zimakhalitsa m'mimba. Njala ukalimbana nayo imakugwetsa. Uziinyenga."

Anamuphunzitsa. M'mawa makapu awiri a madzi asanalawe kanthu. Njala ikayamba kuluma, zipwete kapena nkhaka zothira kamchere, adye mpaka m'mimba muti ndi, pakuti zimenezo ndi madzi okhaokha. Masana kausipa kodzaza dzanja limodzi, kowotcha pa makala, kopanda mafuta, azitafuna kamodzikamodzi ndi mitu yomwe. Pakamwa pakafuna chochita, mbuliwuli wokazinga mu mphika wouma. Ndipo koposa zonse malambe. Nthanga imodzi ya mlambe munthu amatha kuiyamwa kuchokera panyumba mpaka pamjigo, kuwawasa kwake kumatseka mtima, chakudya osachilakalakanso.

"Mandasi, zitumbuwa, chinangwa chokazinga, uziwapatsa moni wapatali. Koma madzulo uzidya ndithu, ngakhale pang'ono. Wamva?"

Esime anamva zonse kupatula zomalizirazo. Masabata asanu ndi limodzi anamuonekera ochepa, ndipo iye sanali munthu woyenda pang'onopang'ono. Chakudya chamadzulo ankangochigwiragwira. Mayi ake akafunsa, ankati sakumva kukoma m'kamwa. Ankayenda ndi chigoba cha mlambe m'chitenje, ndipo atamva kuti bwemba amatsuka m'mimba, anayamba kumunyika m'madzi n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Anali ndi kachingwe ka ukonde kamene ankadziyeza nako m'chiuno ali m'bafa. Sabata iliyonse mfundo inkasuntha, ndipo ankatuluka m'bafamo akuimba.

Njala sinachoke. Inkakhala naye ngati mlendo wosatsanzika. Fungo la mafuta a nsomba akudonthera pa moto linkamuliza. Koma akaponya nthanga ya mlambe m'kamwa n'kutseka maso, ankaona matebulo oyera aja, ndipo zinkatheka.

Zimenezi zinkachitika chaka chimene wailesi inali itayamba kutchula matenda atsopano. Ku Nkhudzi sankawatchula dzina lake. Ankati kaliwondewonde, ena ankati matenda a boma, ndipo ankatsitsa mawu. Mudzi unali utaika kale anthu awiri, dalaivala wa lole ndi mkazi wake, onse ataonda mpaka mphete kuvuka zokha. Aliyense ankadziwa zizindikiro zake, kapena ankaganiza kuti akuzidziwa.

Mphepo ya mwera itayamba, utsi wa pa uvuni unamupatsa Esime kachifuwa kouma. Bwemba uja ankamuthamangitsira kuchimbudzi kangapo patsiku, ndipo chimbudzi chawo chinali poonekera kunjira. Malambe anamung'amba m'mbali mwa milomo. Mayi ake, pogona tulo tosakwana, anaimirira pa mapemphero a amayi Lachinayi n'kupempha kuti amupempherere mwana wawo, chifukwa chakudya chikumukana ndipo akungotha.

Loweruka lake kunali ukwati m'mudzimo. Anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi. Mbale itafika pa Esime, iye anaikankhira kwa mnzake mwaulemu, n'kutulutsa chipwete m'chitenje. Amayi a pa mphasa yoyandikana anayang'anana.

Kuyambira pamenepo pamjigo pankakhala chete iye akafika. Ankamupatsa mpata kuti atunge msanga. Esime ankaganiza kuti akusirira. Ankayenda khosi lili m'mwamba, akumva diresi lake lakale likugwedera m'thupi, n'kumati mumtima, yang'anani bwino, posachedwa simudzandionanso.

Mwanamvua anamuitanira kuseri kwa thandala kutatsala masiku asanu ndi anayi.

"Basi, zakwana. Lero ukadye, ndipo ukawauze amako zoona."

"Kwatsala pang'ono, achemwali."

"Ukudziwa zimene akunena pamjigo? Akuti uli nako kaja. Akuti unakatenga ku boma uli pa sukulu. Atchula ndi dzina la mphunzitsi."

Esime anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'chifuwa.

"Azinena. Pa wani adzaona okha."

"Ine ndingawauze."

"Ayi. Munalonjeza."

"Ndinalonjeza ndisanadziwe kuti ndiwe wopanda mabuleki."

Howard sanabwere Lamulungu limenelo. Anatumiza uthenga kuti alendo achuluka.

Pa wani Julaye Esime anasamba kawiri, anadzola mafuta pamilomo, n'kukwera basi yoyamba. Anawauza mayi ake kuti akupita kuchipatala, ndipo iwo anathokoza Mulungu. Njira yonse ankakonza mawu oti adzawauze madzulo, ndi momwe adzasekere onse awiri.

Mayi Simioni atamuona pakhomo la chipinda chawo sanamuzindikire msanga. Anatulutsa diresi lija, koma sanamuthandize kuvala ngati poyamba. Analiika pa mpando.

Linalowa ngati madzi. Zipi anakwera yekha mpaka m'khosi. Nsalu inatsika, inaphimba mawondo, n'kupitirira. Esime anadziyang'ana pa galasi lalitali la pachitseko ndipo anaona mtsikana amene ankamulota uja. Anatembenuka kamodzi, kawiri.

"Landikwana, mayi."

"Ndaona. Vula."

"Ndiyambe liti?"

"Vula kaye, mwanangu."

Anavula. Mayi Simioni analinyamula ndi nsonga za zala n'kuliponya mu dengu la zochapa.

"Ine ndinati uchepe pang'ono m'chiuno. Sindinati ubwere mafupa a m'khosi ali panja."

"Ndimadya malambe ndi zipwete, mayi. Ndi dala. Munandiuza ndinu."

"Mwina ndi choncho. Ine si dokotala. Koma amene amatibweretsera chambo kuno ndi anthu a kwanu, ndipo pakamwa sasiya kunyumba. Ophika anena kale kuti sagwira mbale imodzi ndi iwe. Atsikana akuti sagona nawe chipinda chimodzi. Bwana wamva. Mlendo akangomva kamodzi, ndani adyenso pano?"

"Ndikhoza kunenepanso. Mundipatse mwezi umodzi."

"Ukanenepa likukananso diresi. Ndipo anthu adzati wamwa mankhwala." Anatsegula chitseko. "Malowo tapereka dzulo. Pepa."

Esime anatulukira khomo la kuseri, kumene kunali migolo ya zinyalala ndi mapaipi a kukhitchini. Anakhala pa sitepe. Patapita kanthawi Howard anatuluka, atavala malaya oyera ndi kataye kakuda, wokongola monga momwe ankamuganizira masiku onsewo. Anaima chapatali pang'ono.

"Wamva?" anatero Esime.

"Ndamva."

"Bwanji sunawauze? Iwe umadziwa chimene ndimachita. Unali pomwepo."

"Ndinawauza." Ankayang'ana nsapato zake. "Poyamba ndinawauza."

"Kenako?"

"Esime, azungu amabwera pano, akazi awo amadzimana chakudya tsiku ndi tsiku. Sindinaonepo mmodzi atatuluka zilonda pakamwa. Satsokomola."

"Ndi malambe, Howard. Ndi utsi wa pa uvuni."

"Nanga za mphunzitsi uja?"

Esime anafuna kukalipa, kumukumbutsa amene anati asauze munthu, koma chifuwa chinamutsekereza. Anatsokomola mpaka misozi.

"Ndipatseko madzi."

Howard analowa msanga, ngati wapeza pothawira. Anabwera ndi kapu ya pulasitiki, osati tambula ya alendo, ndipo anaiika pa sitepe m'malo momupatsa m'manja. Esime anamwa onse. Howard anati akumuitana mkati, adzabwera kumudzi akapeza mpata, adzakambirana bwinobwino. Anatola kapuyo ndi kansalu kamene kanali paphewa pake.

Esime anadzuka n'kuyamba kulowera kugeti. Atafika pa kona ya khitchini anacheuka, poganiza kuti mwina Howard akumuyang'anabe. Anamuona atatsegula chivundikiro cha mgolo wa zinyalala, akuponyamo kapu ija pamodzi ndi kansalu komwe. Kenako anapita pa mpopi n'kuyamba kusamba m'manja ndi sopo, mpaka m'zigongono.

Mlonda wa pageti anamutsegulira osamufunsa kanthu. Basi ya ku Nkhudzi inali isanabwere, ndipo pamsewu panalibe mthunzi.