Khadi Lisapite Kunyumba Yofedwa

"Musaikalipire, Mayi Kuramochi, kompyuta ilibe makutu," anatero a Terauchi uku akuuzira tiyi wawo. "Ifunseni bwinobwino, ikuyankhani."

Fumie Kuramochi anangowayang'ana cham'mbali. Zaka zake zonse pakampani ya tiyi ya a Hirayama ku Shizuoka, ku Japan, anazithera kuchipinda cholongedzera, mpaka manja anayamba kukana ntchito. Dokotala atamuletsa kunyamula makatoni, abwana anamusamutsira mu ofesi mongoyesa. Sanamubisire: a Terauchi, katswiri wa kompyuta mu ofesimo, akupuma pantchito mu Malichi, ndipo ngati pofika nthawiyo adzakhale asakutha kufunsa nkhokwe ya makasitomala ya m'kompyuta, pampandopo alembapo wina. Kolongedza sakanabwererako. Kotsala kunali kunyumba basi, ndipo zimenezi zinkamuopsa kwambiri.

Ndiye mayi wa imvi zake anayamba kuphunzira SQL, chilankhulo chofunsira nkhokweyo. SELECT, kutchula chimene ukufuna. FROM, tebulo limene chili, ndiye kuti mndandanda wake. WHERE, kusefa. Ankaziloweza m'basi milomo ikugwedera, anzake apaulendo n'kumamuyesa kuti akupemphera.

Mayeso enieni anabwera mu Disembala ndi makadi a Chaka Chatsopano. Ku Japan mwana aliyense amadziwa kuti khadi lachisangalalo silipita kunyumba imene kwagwa maliro chaka chimenecho. Kampani ikaphonya pamenepa, mwini wake amakawerama yekha pakhomo la anthu kupepesa, ndipo banjalo tiyi limakagula kwina. Ntchito yosankha maadiresi anapatsidwa Fumie m'mawa wina, ndipo ankafunika kwa osindikiza tsiku lomwelo asanaweruke.

Matebulo anali awiri, lina la makasitomala onse, lina la amene amwalira. Fumie anawalumikiza pa nambala ya kasitomala, n'kuuza kompyuta ichotse aliyense wopezeka mwachiwirimo. Mayina anatsika mbwee, popanda ngakhale chilembo chimodzi chofiira chosonyeza kuti walakwitsa.

"Bwerani mudzaone, a Terauchi. Zija munkati ndine wouma mutu zija."

Mkuluyo anakoka mpando, n'kukweza magalasi. "Mwachotsa akufa, zikomo kwambiri. Koma mayi, akufa sawerenga makadi. Tatsikani pang'ono."

Fumie anatsikira m'munsi mwa mndandandawo. Mayi Ogasawara analipo, adiresi yawo ili bwinobwino, kudikira kufuniridwa chaka chachimwemwe. Amuna awo anamwalira m'chilimwe, ndipo tiyi wothokozera anthu obwera pamaliropo analongedza ndi Fumie yemweyo. Manyazi anamugwira ngati khadilo lafika kale.

"Ndingowafufuta ndi dzanja," anatero motsitsa mawu.

"Awo mukuwadziwa. Nanga amasiye a kutali ku Hokkaido, munadya nawo liti?"

"Ndiye ndikonzereni inuyo, chonde. Nthawi yatha."

"Ine? Mu Epulo ndidzakhala ndikupalira anyezi wanga. Muzidzandiimbira ndili m'dimba?" A Terauchi anabwerera pamalo pawo, n'kutsegula nyuzipepala mwadala.

Anthu ena kuwapempha thandizo ndi kudziputira mkwiyo. Fumie anapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mkwiyowo ndi umene unamukhazika pansi. Chakudya chamasana anachikankhira pambali. Anayamba kuwerenga mitu ya tebulo la makasitomala lija umodziumodzi: dzina, foni, adiresi, nambala ya nyumba. Anaima pamenepo. Nambala imeneyi ankaiona tsiku lililonse pamakatoni, chifukwa katundu wa anthu a khomo limodzi ankapita m'katoni imodzi. Funso lake ndi limene linali lolakwika. Iye anafunsa za munthu, pamene maliro ndi a nyumba yonse.

Analigawa pawiri. Choyamba, kompyuta itulutse manambala a nyumba za omwalira. Chachiwiri, iyang'ane makasitomala onse molingana ndi manambalawo. Ulendo woyamba inamulavulira zofiira. Anakonza, n'kudinanso, ndipo panatuluka mayina ochepa, a Mayi Ogasawara ali pamwamba.

"Taonani zimene yachita! Yandipatsa ofedwa okhaokha."

"Ndiye kuti mwawapeza," anatero a Terauchi nyuzipepala ili kumaso. "Chatsala n'chiyani?"

Fumie anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera liwu limodzi lokanira, NOT. Mayina anatsikanso ambirimbiri. Anafufuza Ogasawara, sanapezeke. Anafufuza mwana wawo wamkazi amene amakhala nawo koma ali ndi dzina la kwa mwamuna wake, nayenso munalibe. Anaseka yekha mokweza, mpaka mnzake wolandira mafoni anatembenuka.

A Hirayama atalowa, Fumie anawasonyeza zonse ziwiri, opita kwa osindikiza ndi ochotsedwa. Abwanawo anawerenga ochotsedwawo pang'onopang'ono, chala chili pagalasi la kompyuta. Pena anaima nthawi yaitali.

"Awa a Shimazaki ndi amene amatigula tiyi wa mahotela awo onse. Sindinamve n'komwe kuti mayi awo anatisiya." Anapumira m'mwamba. "A Terauchi, mwagwira ntchito."

"Ine ndawerenga nyuzipepala, bwana. Funso ndi la mayiwa, kuyambira pamwamba mpaka pansi."

A Hirayama anatembenukira kwa Fumie, n'kumuweramira kwambiri kuposa mmene bwana amachitira kwa wantchito wake.

"Tumizani, Mayi Kuramochi. Ndipo inu a Terauchi, yambani kusamutsa makapu anu padesiki yaikuluyo. Mwini wake ayambe kuizolowera."

"Koma Malichi sanafike, bwana," anadandaula a Terauchi.

Fumie anadina batani lotumizira, chimwemwe chitamudzaza. Kenako anaimirira, n'kukokera mpando wake wakale pafupi ndi desiki ija.

"Khalani apa, a Terauchi, musadandaule. Ndikakodwa ndizikufunsani. Koma nyuzipepala muzibwera nazo ziwiri, tsiku lizikutalikirani."