Bedi Lobwereka

"Nyamulani bwino, mukanda penti!" anakuwa Amatironi, mkulu wa anamwino, uku alonda ndi anthu otchetcha udzu akutsitsa mabedi mulole.

Ine ndinali pakhomo la wodi ya amayi ochira, mbale ya zipangizo ili m'manja, ndikuonerera mabediwo akulowa limodzilimodzi. Makoma anali asanaume. Fungo la penti linali litakwirira fungo lathu la masiku onse, lija la mankhwala okolopera, thukuta ndi matewera. Kenako panadutsa bedi lina lachitsulo, lakale, ndipo atangolitula linapendama n'kugogoda simenti: kho! Bedi limenelo ndinkalidziwa ngati m'bale wanga. Linachokera ku kachipatala kakumudzi komwe ndinayambira uzamba, ndipo kumeneko tinkalitchula kuti Wotsimphina, chifukwa mwendo wake umodzi ndi waufupi. Silinkaima popanda chidutswa cha njerwa kunsi kwa mwendowo.

"Alamu, bedi ili mwalitenga kuti?"

Amatironi ndi akazi a achimwene anga. Kunyumba timasekana mpaka misozi, koma akangovala chipewa chawo choyera safuna kumva za chilamu.

"Alamu anuwo mwawasiya kunyumba, pano pali Amatironi," anatero osandiyang'ana. "Tabwereka m'zipatala zazing'ono. Mawa kubwera aphungu."

Nkhani ya aphunguyo inali itatiotcha kwa miyezi. Unduna unakonza ndondomeko yoti zipinda zochilira za m'zipatala zing'onozing'ono zitsekedwe, amayi onse azidzachilira kuno ku chipatala chachikulu. Ati azamba alipo ochepa, bola kuwasonkhanitsa malo amodzi. Bungwe lathu la ogwira ntchito zachipatala linatemetsa nkhwangwa pamwala. Tinayankhula pa wailesi, tinayenda mumsewu ndi zikwangwani mpaka zidendene kung'aluka, tinagogoda pamakomo a aphungu mpaka alonda awo kutizolowera. Mawu athu sankasintha: lembani azamba ena, musatseke zitseko. Mapeto ake komiti ya aphungu yoona zaumoyo inati ibwera idzaone yokha ngati wodi yathu ili ndi malo. Akapeza malo, ndondomeko idutsa.

Malo ake ati? M'wodi mwathu amayi ankagona awiriawiri pabedi, wina mutu uku wina mutu uko, ndipo otsala ankayala mphasa pansi. Tinafika powatchula ndi bedi loyandikana nalo: wapansi pa bedi lapakona, wapansi pa bedi lapawindo.

"Ndiye apansiwa akwera pamabedi obwerekawa?" ndinafunsa.

"Ayi. Awa akhala oyala bwinobwino, opanda munthu. Apansi ndi ophatikizana apita kuchipinda chosungira nsalu, kuseri kochapira. Ndi tsiku limodzi lokha."

Ndinaika mbale ija pansi, poopa kuti ndingaiponye. Amatironi anandikokera kuseri kwa chitseko, ndipo mawu awo anafewa.

"Alamu, tandimverani. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Abwera, ajambulitsa, apita. Ine lamuloli landitsikira kuchokera kumwamba. Inu mukatsegula pakamwa panupo akakutayani kutchire kopanda ndi magetsi omwe, ndipo ine sindidzakhala ndi mphamvu yokupulumutsani. Achimwene anu ndidzawauza chiyani?"

"Mudzawauze kuti mlongo wawo anabadwa nacho chipakamwa, sanachitole kuchipatala."

Madzulo a tsikulo tinakumana pansi pa mtengo kuseri kwa famase, kogawira mankhwala kuja. Panali anamwino, azamba, oyeza magazi, okolopa, oyendetsa ambulansi. Wapampando wa bungwe lathu tinkamutchula kuti Jekeseni. Anali dokotala wothandizira, wamtali, woonda, ndipo akayankhula zinkabaya.

"Tinyanyale basi!" anakuwa woyendetsa ambulansi wina.

"Khothi linatiletsa kale, mwaiwala?" anayankha Jekeseni. "Ukangovula yunifolomu, mawa lake bungwe alithetsa. Zikwangwani nazo aziletsa mkati mwa mpanda. Ndipo tisanamizane, amene akuvutika ndi amayi aja. Tikawasiya okha, tasiyana pati ndi unduna?"

Anthu anang'ung'udza. Wina anati tikatsine khutu atolankhani, wina anati atolankhaniwo abwera m'galimoto ya unduna, akadyanso nawo. Ine ndinali chete, zimene sizichitikachitika, moti Jekeseni anadabwa.

"Sisitala, lero mwadwala?"

"Sindinadwale. Ndikuganiza kuti mawa ndilowa masana. Ndipo sindinalandirepo wodi ndisanaone odwala."

Anamwino onse anatukula mitu. Lamulo limeneli amatimwetsa tisanaphunzire ndi kubaya jakisoni komwe. Wam'mawa akamaweruka, wamasana salandira wodi ali pampando. Mumayenda awiri, wodwala ndi wodwala. Wotuluka amanena dzina, za kuchira kwake, ndi mankhwala amene wapatsidwa. Wolowa amamugwira, amamuyang'ana m'maso, amaona ngati magazi asiya. Amene sunamuone ndi maso ako sunamulandire. Ngakhale mkulu wa chipatala sangakuuze kuti udumphe, pakuti mayi akatsirizika pa nthawi yako amafunsa iwe.

"Koma alendo akufika m'mawa," anatero namwino wina. "Pofika masana akhala atapita."

Jekeseni anamwetulira. "Andipatsa mpata woti ndilankhulepo mawu ochepa powalandira. Ochepa kwa ndani?"

M'mawa mwake zinayenda monga zimayendera za akuluakulu. Anafika mochedwa, anayamba ndi tiyi, kenako zoyankhula. Ine ndinamva kwa amene analipo kuti Jekeseni anayambira pa tsiku limene anakumba maziko a chipatala. Anathokoza aphungu, anathokoza makolo a aphungu, anafotokoza mbiri ya thanki yamadzi. Mkulu wa chipatala anatsokomola mpaka kukhosi kuuma, koma munthu akukutamanda pamaso pa alendo ungamulande bwanji chimkuzamawu? Pamene gululo linkalowa m'wodi ya amayi, ine ndinali nditamanga kale lamba wanga, wotchi ili pachifuwa.

Wodi sindinaizindikire. Pansi panali phuliphuli, makatani atsopano, maluwa m'botolo. Mbali imodzi kunagona amayi osankhidwa, aliyense pabedi lake. Mbali inayo kunandanda mabedi obwereka, oyera mbee, opanda munthu. Patsogolo pa gululo panali apampando a komiti, mayi wathupi, wa nsapato zazitali zogogoda, ndipo mkulu wa chipatala ankayenda pambali pawo akuloza uku ndi uku.

"Monga mukuonera, olemekezeka, malo tili nawo okwanira."

Apampando anatsamira bedi lina kuti aone mphepete mwa wodi. Linali Wotsimphina. Linapendama, kho! Mayiwo anadzidzimuka, anthu anaseka mwaulemu, ndipo mkulu wa chipatala anati ndi simenti yosalingana.

Ndinapita kwa sisitala wam'mawa. Ndi mayi wofatsa, wolera yekha ana ake, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti iye sanena chilichonse choposa kuyankha zimene ndafunsa. Tinayamba ulendo wathu, bedi ndi bedi, alendo akuonerera mokondwa ngati ndi chionetsero chimene tawakonzera. Titafika pa mayi womaliza ndinakweza mawu pang'ono, osakuwa.

"Sisitala, odwala athera pamenepa?"

"Ayi, sisitala."

"Ena ali kuti?"

"Kosungira nsalu."

"Tiyeni mukandipatse."

Mkulu wa chipatala anandiyandikira, akumwetulira ndi mano okha.

"Sisitala, zimenezo muchita alendo akapita."

"Pepani bwana, nthawi yanga yayamba. Amayi amenewo tsopano ali pamutu panga, ndipo sindinawaone. Kapena mukundilamula pamaso pa olemekezekawa kuti ndilandire wodi ndisanaone odwala?"

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Ndinkaona kale katundu wanga ali pamwamba pa lole. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha, ndipo ndi umene unandiyendetsa. Ndinatuluka ndi sisitala wam'mawa, tinadutsa khonde lopentedwa, tinakhota pomwe penti inathera. Kumbuyo kwanga ndinamva nsapato zija zikugogoda: ko, ko, ko. Sindinacheuke.

Pakhomo la chipinda chosungira nsalu anaimikapo mlonda. Atationa anatambasula manja, maso ake akufunafuna womulamula. Anapeza Amatironi. Alamu anga anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa, kenako anatembenukira kwa mlondayo.

"Atsegulireni. Akulandirana wodi."

Chinayamba kutuluka ndi chifundizi. Chipindacho chili ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Amayi anagona mothithikana pakati pa milu ya nsalu, makanda ali pachifuwa, mabotolo a diripi atapachikidwa pamisomali yokolekapo matawulo. Panalibe popondapo. Ndinavula nsapato, ndinagwada pa mayi woyamba, ndipo sisitala wam'mawa anayamba kunena dzina lake. Ndinagwira pamimba, ndinayang'ana m'maso, ndinamutsegula nsalu mobisa. Tinapita kwa wachiwiri, kwa wachitatu. Sindinalankhule mawu amodzi kwa aphungu. Zonse zimene tinakuwa mumsewu miyezi yonse ija zinali zitagona pansi pamenepo, zikuyamwitsa.

Pakona panali mayi wachichepere amene anafika dzulo lake, miyendo ikadali ndi fumbi.

"Uyu anachilira panjira, m'ngolo," anatero sisitala wam'mawa. "Anataya magazi ambiri. Mwana ali bwino."

Apampando anali atalowa mpaka pakati, nsapato zili m'manja, akudumpha miyendo ya anthu. Anawerama pa mayiyo.

"Bwanji simunachilire kwanu, mwana wanga? Kulibe chipatala?"

"Chilipo, mayi. Tinafika, koma tinapeza chipinda chili mbee. Adokotala anati bedi labwerekedwa, lapita kukalandira alendo, ndiye tithamangire kuno." Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa mwaulemu wonse. "Ndinu alendowo? Mwagonapo bwino pabedi lathu?"

Palibe amene anaseka. Apampando anaweramuka pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa mkulu wa chipatala, amene anali ataima panja akupukuta khosi ndi kansalu. Zimene anakambirana sindinazimve, chifukwa ndinali ndi amayi ena oti ndiwalandire. Ndinangomva kunja kwa kawindo kaja anthu akuyamba nyimbo ya bungwe, chapansipansi, aliyense ali pantchito yake: okolopa akukolopa, ochapa akuchapa.

Sindinganene kuti tinapambana zonse. Komiti inabweza ndondomeko ija ku unduna, ati ikaunikidwenso, ndipo mpaka lero akuiunikabe. Azamba atsopano analembedwa ochepa chabe. Jekeseni anamuchenjeza, iye n'kunena kuti chenjezolo alipachika pabalaza. Koma zipinda zochilira sizinatsekedwe, ndipo analamula kuti mabedi onse abwerere komwe anachokera.

Ine zanga zinabwera monga ananenera alamu. Anandisamutsira ku kachipatala kaja komwe ndinayambira uzamba, kopanda magetsi, ati kumeneko kukufunika mzamba wodziwa kulandira wodi. Achimwene anakwiya sabata yathunthu, osadziwa kuti akwiyire mkazi wawo kapena mlongo wawo. Tsiku lonyamuka ndinapeza kuti lole yonditenga ndi yomwe ikubweza mabedi. Amatironi anabwera pachipata atavala chipewa chawo, n'kundiponyera mtolo wa mashiti atsopano, aja anayalira alendo.

"Amenewa sindinakupatseni ine," anatero. "Ndipo musandiyang'ane choncho, mundiliza pamaso pa antchito."

"Zikomo, Amatironi."

"Choka apa! Ndine alamu ako."

Dalaivala anati ndikhale kutsogolo. Ndinakana. Ndinakwera kumbuyo n'kukhala pa Wotsimphina, miyendo lendelende, ndipo tinatuluka pachipata anzanga a bungwe atandanda mbali zonse, akuimba nyimbo ija, ulendo uno mokweza. Amene anali pawindo la ofesi ya mkulu wa chipatala ndinawabayibitsa ndi manja onse awiri.

Tinafika dzuwa litapendeka, fumbi lili thoo m'tsitsi. Pakhonde la kachipatalako panakhala mayi wina wapakati, atagwira m'chiuno, apongozi ake akumupepesa. Atangoona bedi pamwamba pa lole anadzuka.

"Labwera! Amayi, labwera!"

Tinalinyamula ine, dalaivala ndi apongoziwo. Chipinda chochilira chinali chosesedwa bwino, chopanda kanthu. Koma pakati pa simenti, pamalo pake penipeni, panali chidutswa chija cha njerwa. Wosesa ankachizungulira ndi tsache masiku onsewo, osachisuntha.

Ndinagwada, ndinakweza mwendo waufupi uja n'kuutsamiritsa panjerwapo. Ndinaligwedeza ndi manja awiri. Silinasunthe.

"Lowani, mayi," ndinatero, ndikutambasula shiti ya alendo. "Kwerani."