Chaka Chosowa pa Pepala

Chiperoni chinali chitagwira masiku atatu pamene munthu wa okushoni anafika kwa a Raphael. Minda ya tiyi ya kutsidya inkangooneka mbuu. Teleza, mwana wawo wamkazi amene ankawasamala, tsiku limenelo sanapite kukathyola tiyi. Anatsala dala. Amene anaitana mlendoyo anali mchimwene wake Winston, ndipo Winston ameneyu, tisabisane, akayamba kukumbuka bambo ake ndiye kuti pali kanthu. Chikwatirireni ku Masambanjati, pakhomo pano ankangopondapo pa maliro.

Mlendoyo anali a Gracious, mayi wa ku Blantyre wa nsapato zosadziwa matope. Ntchito yawo inali kuona zinthu zakale ndi kunena mtengo umene zingagulidwe pa okushoni ku Joni.

A Raphael anali mmisiri wosema. Pa unyamata wawo ndi amene anajambula ndi kuzokota makobidi a mkuwa amene esiteti inkapatsa othyola tiyi kuti azigulira zinthu ku kantini yake. Mbali ina ya khobidi kunali masamba awiri ndi kamphukira, mbali inayo nkhope ya mayi wobereka dengu. Nkhopeyo inali ya malemu amake Teleza, mabwana a esiteti osadziwa n'komwe. Tsopano matenda a shuga anali atawadya maso ndi zala ziwiri za kuphazi, koma manja ankagwirabe tchizulo. Teleza ankawalondera ngati khanda: mapilitsi m'mawa, tiyi wopanda shuga, sikelo ya kuchipatala Lachinayi.

A Gracious anayala nsalu yoyera pa tebulo. Makobidiwo anawayeza pa kasikelo limodzilimodzi, n'kumawasuzumira ndi galasi lokulitsa. Ziboliboli za mlombwa ndi phingo anazigogoda, kuzinunkhiza, kuzitembenuza. Pansi pa chilichonse panali chaka, chifukwa a Raphael sankasiya chinthu osachidinda chaka chimene achimaliza.

"Ntchito yabwino zedi," anatero a Gracious. Anatulutsa pepala, nalemba dzina la mmisiri ndi chaka chawo chobadwa, kenako kamzere. Kutsogolo kwa kamzereko anasiya malo. "Akusemabe?"

"Eya, tsiku ndi tsiku!" anayankha Teleza monyadira.

A Gracious anapuma mozama, natchula mtengo wa zonse pamodzi.

"Basi?" anafunsa Winston. "Zonsezi?"

"Ogula a kumeneko amafuna chinthu chimene sichidzapangidwanso, bambo. Mmisiri akakhala moyo, mawa asema china." Analoza malo opanda kanthu aja ndi cholembera. "Tsiku limene tidzalemba chaka chachiwiri apa, mtengo ndi kasanu. Mwinanso kupitirira."

Ha! Ananena zimenezi ngati akutchula mtengo wa tomato. Analibe choipa mumtima mayi ameneyu, ndipo chimenecho n'chimene chimandinyansa kwambiri. A Raphael anali pakhonde pomwepo, pa mphasa, kuseri kwa zenera lotsegula. Maso ndi amene anafa, makutu ayi.

Teleza anachita mantha. Sanayang'ane mlendoyo, anayang'ana mchimwene wake. Milomo ya Winston inkagwedezeka ngati ya munthu wotafuna chingamu. Potsanzikana, a Raphael anaitana a Gracious pambali, nalankhula nawo pang'ono motsitsa. Mayiyo analembanso kanthu pa pepala lija, nasiya kope lake m'Baibulo la mdalayo.

Winston sanabwerere ku Masambanjati. Anati msewu waterera. Dzuwa litatuluka anati ababa akufunika munthu wamwamuna pafupi. Anawameta ndevu, anawachapira bulangete, anawagulira sikono. Anthu a m'mudzi anayamba kuyamikira kuti mwanayu wasintha. Koma Teleza mtima unali phaphapha. Akajomba kawiri, kapitawo amufufuta dzina, tsono ankanyamuka m'mamawa ndi dengu lake, manja ali pa tiyi, nzeru zonse zili kunyumba.

Lachinayi Teleza anafunsa za kuchipatala.

"Wanjinga sanabwere, achemwali," anatero Winston. "Tipita sabata ya mawa."

Mapilitsi m'kabotolo ankachepa bwinobwino, koma tsiku lina posesa Teleza anapeza awiri m'phulusa kuseri kwa khitchini. Ababa ake anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza pafupipafupi, kugona masana. Chilonda cha kuphazi chinayambanso kunyowa. Koma tchizulo sichinaleke, go go go, pa kanthu kena kamene ankakabisa m'thumba la jekete.

Loweruka Teleza anaweruka msanga, nadzera njira ya kudambo kuti asaonedwe. Anapeza a Raphael pakhonde, kapu ili m'manja, tiyi wake wakuda bii. Anaviika chala, nalawa. Uchi weniweni!

"Achimwene!" anakuwa. "Mukupha ababa! Mfiti inu, mukupha ababa chifukwa cha pepala!"

Winston anasuzumira pakhomo, nabwereranso m'nyumba. Teleza anagwira kapu kuti ailande, koma manja a mmisiri si masewera. Inakana kuchoka.

"Siya phokoso, Teleza," anatero a Raphael mofatsa. "Ndimamuuza ndine kuti athire shuga. Mapilitsinso ndimalavula ndekha."

Teleza anakhala pansi m'matope.

"Iyeyu akuyesa kuti nzeruzi n'zake, musiye ayese choncho. Pa pepala lija ndinalembetsa dzina lako, zonse n'zako. Amako anabereka dengu mpaka msana unapindika, ine n'kuwaika pa khobidi, iwo osagula nalo ngakhale nsapato. Iwenso ndimakumva m'mawa ukamadzuka, mmene umabuulira."

"Sindikuzifuna!" Teleza analira mokweza, mamina ndi misozi pamodzi. "Ndizitentha zonse, ababa. Makobidiwo ndikataya m'chimbudzi. Ndikufuna inuyo!"

"Ukatero ndiye kuti ndapita chabe."

Anapisa m'thumba la jekete, namuika m'dzanja kanthu kobulungira ka mlombwa, kofanana ndi khobidi lalikulu. Panali nkhope yawo yomwe, yosemedwa mopapasa, maso ali otseka. Teleza anakatembenuza. Kuseri kunali chaka chawo chobadwa, kamzere, ndipo kutsogolo kwa kamzereko sikunali malo opanda kanthu ayi. Chinali chaka chomwe chino, chozokotedwa mozama, mwaukhondo.

Tsopano a Raphael anaisiya kapu ija. Teleza anaiponya kutali, tiyi n'kumwazika pabwalo ponse, nkhuku n'kuthamangirako.

"Watayadi," anatero mdalayo, akupukuta manja pa thalauzi. "Koma Lolemba upitanso kuntchito, mwana wanga."

M'nyumba munkamveka supuni ikugunda m'kapu ina.